Opaleshoni yochotsa chiberekero: zimene ndinalemba m'kope mpaka bala kupola

Ndinali ndi zotupa za m'chiberekero zimene zinkanditayitsa magazi ambiri mwezi ndi mwezi, mpaka madokotala anaona kuti ndi bwino ang'ambe pamimba n'kuchotsa chiberekerocho. Zili m'munsizi ndakopera m'kope limene ndinkayenda nalo, ndipo pena ndawonjezera zimene ndinamva pambuyo pake. Ine si wachipatala. Milingo ya mankhwala ndaitchula kuti muone kalembedwe kake, yanu adzakuuzani ndi adokotala anu.

18 Malichi: opaleshoni yaimitsidwa

Magazi apezeka ochepa. Hb yanga (mlingo woonetsa kuchuluka kwa magazi m'thupi) ili pa 8.9, pamene mayi wosayembekezera sayenera kutsika pa 12. Adokotala akuti kundilowetsa ku fiyeta chonchi n'kuika moyo pachiswe, chifukwa ndikataya magazi pang'ono chabe pafunika kundiika ena. Andipatsa mapiritsi a ayironi, ferrous sulphate, komanso tranexamic acid womwa masiku a msambo okha kuti magazi asatayike kwambiri.

Ayironi anabwera ndi zake: nseru, kudzimbidwa, ndi chimbudzi chakuda bii. Chakudacho akuti n'chizolowezi cha mankhwalawa. Za nseru ndinabwerera kukanena, ndipo anandisinthira kuti ndizimwa modumphitsa tsiku, osamwera tiyi kapena mkaka chifukwa zimatsekereza ayironi kulowa m'thupi.

Ndagula kope lachikuto cholimba, mabolopeni awiri ndi themometa. Zonsezi n'zotchipa. Chondidulira ndi tchuthi cha kuntchito chimene ndinali nditatenga kale, tsopano ndiyambirenso kupempha.

Patsamba loyamba la kope ndalemba dzina langa lonse, tsiku lobadwa, gulu la magazi, mankhwala onse amene ndikumwa ndi milingo yake, nambala ya mng'ono wanga amene adzandidikirire, ndipo pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu: THUPI LANGA LIMADANA NDI PENISILINI. Ndili mtsikana anandibaya penisilini, milomo n'kutupa, kupuma n'kumavuta.

8 Meyi: fomu yovomereza

Hb yafika 11.1, ndiye tsiku laikidwa. Ndaonana ndi adokotala ogonetsa, bambo wodekha amene anandiyasamulitsa, n'kufunsa za mano ogwedera, za kukoroma usiku, ndi ngati wachibale wina anavutikapo atagonetsedwa. Anafunsanso za mankhwala azitsamba ndi ogula pawekha, ati ena amachititsa kuti magazi achedwe kuundana. Ibuprofen amene ndinkamwa pa ululu wa msambo anati ndiyambe ndasiya.

Vuto linali pa fomu. Ndi adokotala anga tinagwirizana kuti achotse chiberekero, khomo lake ndi machubu, koma matumba a mazira awasiye. Pa fomu imene anandipatsa kuti ndisayine panalembedwa kuti achotsa zonse, matumba omwe. Kusiyana kwake si kwamasewera: akachotsa matumba onse awiri kwa mayi amene sanafike posiya kusamba, thupi limalowa m'nyengo imeneyo nthawi yomweyo, kutentha thupi, thukuta la usiku, ndipo mafupa amayamba kufooka msanga. Ndinapempha kuti andiwerengere mzere ndi mzere m'mawu omveka. Amene analemba anali wina wongothandizira, anatengera zimene amalemba kawirikawiri. Adokotala anabwera, anakhwatcha, analemba zoyenera n'kusayina pambali, kenako ine.

Malangizo amene ndalemba: chakudya ndisiye maola 6 isanakwane nthawi ya opaleshoni, madzi oyera ndingamwe mpaka kutatsala maola 2. Ndisambe ndi sopo usiku ndi m'mawa. Ndisamete ndi lezala pamimba kapena pachinena. Apa ndinadabwa, chifukwa ambiri timaganiza kuti kumeta ndiye ukhondo, koma lezala amasiya timabala tosaoneka m'mene majeremusi amabisala. Malangizo a 2016 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati tsitsi lisiyidwe, ndipo ngati likutchinga alidule ndi makina. Penti wa m'zikhadabo ndichotse, chifukwa kachipangizo koyezera mpweya m'magazi amakapanitsa pachala.

Andiyeza miyendo kuti ndigule masokosi othina oteteza magazi kuundana. Pa zonse zimene ndagula, odula ndi amenewa. Musagule ongoganizira saizi. Aakulu sathandiza, aang'ono amapindikira pansi pa bondo n'kumanga mwendo.

14 Meyi: tsiku lake

Izi zambiri analemba mng'ono wanga, ine ndadzaza mipata.

Anandiuza kuti ndilowa m'mawa. Kunabwera mayi wina wofunika opaleshoni yobereka mwadzidzidzi, kenako munthu wa ngozi, ndipo ine ndinatsalira mpaka masana. Palibe wolakwa pamenepo, koma pakamwa panauma gwa, mutu n'kuyamba kuwawa. Mng'ono wanga anapita kukauza anamwino kuti munthu sanamwe kanthu chiyambire m'bandakucha, ndipo anandiika diripi. Akanapanda kunena, ndikhulupirira palibe akanakumbukira, chifukwa pa ndandanda yawo ine ndinali "wotsatira" basi.

Kuchoka mu wodi mpaka pabedi la ku fiyeta, aliyense wondilandira ankafunsa zomwezomwezo: dzina, tsiku lobadwa, opaleshoni yanji, mankhwala amene thupi limadana nawo. Poyamba zimaoneka ngati sakudziwa chimene akuchita. Ndi dala. Kuyambira 2008 WHO ili ndi ndandanda ya mfundo 19 imene gulu la ku fiyeta limaimira katatu: asanakugonetse, asanang'ambe khungu, ndiponso usanatuluke m'chipindamo, pamene amawerenga zipangizo, masingano ndi nsalu zopukutira magazi kuti pasatsale kanthu m'mimba. Atayesa ndandandayi m'zipatala 8 za m'mayiko osiyanasiyana, pa kafukufuku amene anatsogolera dokotala wa maopaleshoni Atul Gawande ndi anzake, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 alionse. Ndiye ndinkayankha mokweza, ndipo za matumba a mazira ndinazinenanso ndili chagada, nyali zili m'maso. Adokotala anaseka, amvekere, "Tamva mayi, tiwasiya."

Podzuka ndinkanjenjemera ndi kuzizira, pakhosi pakukanda chifukwa cha chubu chopumira, pamimba ngati paikidwa mwala. Paipi ya mkodzo inali kale m'malo. Anandifunsa kuti ululu uli pati pakati pa 0 ndi 10. Nenani zoona pamenepa. Kupirira mwakachetechete kulibe mphotho mu wodi: ululu ukakula munthu supuma mozama, sutsokomola, suyenda, ndipo ndi zomwezo zimene zimabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi.

Usiku wa pa 14 Meyi: botolo lolakwika

Apa ndikhalitsapo.

Anamwino ausiku anabwera ndi kathebulo ka mankhwala nyali zambiri zitazimitsidwa. Anali awiri okha wodi yonse. Mmodzi anafika pabedi langa ndi jakisoni wothira mu kanyula (kapaipi kolowetsa mu mtsempha wa pamkono), atasungunula kale. Ine ndinali m'tulo ta morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Mng'ono wanga, amene anali pampando kope lili pamwendo, anafunsa monga tinapanganira: "Pepani anamwino, amenewo ndi mankhwala anji? Ndilembe."

"Ndi antibayotiki, Augmentin."

Analemba, kenako anatsegula tsamba loyamba n'kuwaonetsa zilembo zikuluzikulu zija. Iye sankadziwa kuti Augmentin ndi chiyani. Anangofunsa kuti, "Amenewa sagwirizana ndi izi?" Anamwino anaima, anayatsa tochi ya pafoni, anayang'ana kope, anayang'ana tchati cha mankhwala. M'bokosi lolembamo mankhwala amene wodwala amadana nawo munalibe kanthu. Mu Augmentin muli amoxicillin, wa m'banja la penisilini. Ku fiyeta anadziwa ndipo anandipatsa ena, koma tchati cha mu wodi chinalembedwa chatsopano ndi munthu wina, ndipo mzere umenewo sunawoloke nawo.

Anamwinowo sanakwiye. Anataya jakisoniyo, anaimbira adokotala a usiku, analemba pa tchati ndi inki yofiira, n'kundimanga kachibangili kofiira pamkono. Adokotala atabwera anati kwenikweni sipankafunikanso antibayotiki wina, wa ku fiyeta uja anali wokwanira.

Chimene ndatolapo n'chakuti zinthu zimatayika pamene wodwala akuchoka m'manja mwa wina kupita kwa wina: ku fiyeta kupita mu wodi, amasana kusiyira ausiku, fayilo yakale kupita pa pepala latsopano. Amene amakhalapo pa kusinthana konseko ndi wodwala yekha ndi womudikirira. Ambirife timaopa tebulo la ku fiyeta, koma kafukufuku wa zotsatira za maopaleshoni wotchedwa ASOS, wa mu 2018, amene anatsata odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa, anapeza kuti mwa amene anamwalira, 94 pa 100 alionse anamwalira tsiku la opaleshoni litadutsa. Padziko lonse, anthu pafupifupi 4.2 miliyoni amamwalira chaka chilichonse pasanathe masiku 30 chichitireni opaleshoni. Funso la mng'ono wanga silinali la nzeru zakuya. Linali dzina la mankhwala basi.

15 Meyi: kuimirira

Paipi ya mkodzo yachotsedwa m'mawa. Ikakhalitsa imalowetsa majeremusi m'chikhodzodzo, ndiye tsiku lililonse ili m'thupi muzifunsa ngati ikufunikabe. Nthawi imene inalipo, thumba lake linkayenera kukhala m'munsi mwa chiuno koma osagunda pansi. Kawiri konse tinalipeza atalikweza pabedi pokonza zofunda, mkodzo ukubwerera. Atachotsa anandiuza kuti mkodzo woyamba ndikodzere m'chiwiya ayeze kuchuluka kwake.

Kudzuka kwake anandiphunzitsa a fiziyo, achipatala othandiza thupi kuyambanso kuyenda bwino: pinda mawondo, gudubukira chammbali, tsitsa miyendo, dzikankhe ndi chigongono. Osadzuka chagada ngati uli bwinobwino. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndinaimirira, ndipo m'maso munada. Makutu anangoti ngwee. Anandikhazika msanga, BP inali yatsika. Anati ndimwe madzi, ndikhale kaye pansi mphindi zingapo ndikugwedeza mapazi ndisanaimirire. Madzulo zinatheka, ndinafika pakhomo la wodi n'kubwerera, wina atandigwira mkono. Mapatapata oterera amene ndinabwera nawo tawabweza kunyumba, abweretsa nsapato zogwira chidendene.

Kupuma: ola lililonse ndili maso, kukoka mpweya mozama kangapo, kuugwira pang'ono, kenako kutsokomola nditakanikiza pilo pabala. Zimawawa. Bala siling'ambika ndi chifuwa, anatero a fiziyo, koma makhololo akakhazikika m'mapapo ndiye mavuto.

Madzulo jakisoni wa enoxaparin, wobaya pansi pa khungu, woteteza magazi kuundana m'miyendo. Anati ndisatikite pobayapo.

16 Meyi: kanyula ndi mpweya wa m'mimba

Pamkono pamene pali kanyula pafiira, patentha, ndipo mtsempha walimba ngati chingwe kukwera chakuchigongono. Akamathira mankhwala pakuwotcha. Ndanena, achotsa, ndipo popeza ndayamba kumwa mapiritsi sanaikenso ina. Kanyula imene sikugwira ntchito isamangokhala pamkono "mwina ifunika".

Za kusamba m'manja: kuuza munthu wovala yunifolomu kuti asambe m'manja n'kovuta, ndisaname. Njira imene yandithandiza ndi kuika botolo la sanitaiza poonekera pa kabati, ndipo wofuna kugwira bandeji ndimangomutambasulira botolo n'kunena kuti, "Nayi, ili pompano." Palibe amene wakana. Kupaka kwake ndi masekondi 20 mpaka 30, manja mpaka aume. Ndi sopo ndi madzi, 40 mpaka 60. Magulovesi salowa m'malo mwa kusamba. Odzandiona nawonso chimodzimodzi, ndipo asakhale pabedi.

Ululu waukulu lero si wa bala, ndi mpweya wotsekeredwa m'matumbo. Matumbo amachita ulesi akagwidwagwidwa, ndipo morphine amawonjezera. Mankhwala ake ndi kuyenda. Anamwino aliyense wolowa akufunsa ngati ndatulutsa mpweya, ndipo utatuluka madzulo ano mng'ono wanga walemba nthawi yake m'kope ngati nkhani yaikulu. Ndi yaikuludi, ndi imene yanditsegulira chakudya chenicheni.

17 Meyi: kutuluka

Ndisananyamule chikwama ndinakhala ndi anamwino, kope lili lotsegula. Paracetamol 1 g maola 6 alionse, osapitirira 4 g pa tsiku, ndipo ndisamale ndi mankhwala a chimfine chifukwa ambiri ali ndi paracetamol kale. Ibuprofen nditadya. Tramadol pokhapokha ululu wakula. Ulusi akachotsa pakatha masiku 10. Osanyamula zolemera masabata 6, osagona ndi abambo mpaka adokotala ataona kuti m'kati mwapola, mapadi okha osati zolowetsa.

Zobwerera nazo msanga osadikira tsiku: kutentha thupi kufika 38, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, magazi odzaza padi pa ola limodzi, kusanza kosalekeza mimba itatupa, kulephera kukodza, katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kubanika kapena kuwawa pachifuwa. Ndinafunsanso kuti usiku ndiimbe nambala iti ndipo ndilowere khomo liti. Kalata yotulukira ndaijambula pafoni.

19 Meyi

Kudzimbidwa. Chichitireni opaleshoni sindinapite kuchimbudzi, tramadol ndi ayironi agwirizana. Kukankha sikutheka. Ndaimbira kuchipatala, andiuza ndigule lactulose wofewetsa chimbudzi, ndimwe madzi ambiri, ndisiye tramadol ngati ndingathe, ndipo pokhala pachimbudzi mapazi ndiwakweze pa kampando. Zatheka tsiku lotsatira. Amene mukukonzekera, funsani mankhwala ofewetsa chimbudzi tsiku lotuluka lomwelo.

22 Meyi: bala lavuta

Dzulo kumapeto kwa bala, mbali ya kumanja, kunali kofiira pang'ono, kukula ngati chala chachikulu. Anamwino wina anandiuza ndisanatuluke kuti ndikaona kufiira ndizungulize ndi bolopeni m'mphepete mwake ndi kujambula chithunzi. Ndinatero. M'mawa uno kufiira kwadutsa mzere wa bolopeni mbali zonse, pakhungu pawala, patentha, ndipo pakugunda. Themometa ikuti 38.3. Ululu umene unkachepa tsiku ndi tsiku wayambanso kukwera, ndipo chimenecho ndicho chinandidzutsa kwambiri.

Kuchipatala adokotala anayang'ana zithunzi ziwirizo asanayang'ane bala. Anadula ulusi pang'ono pakona, anatsegula ndi kachitsulo, ndipo panatuluka mafinya achikasu osakanikira magazi, onunkha. Nthawi yomweyo kugunda kuja kunaleka. Anatengako ndi kathonje kupita ku labu, anatsuka ndi selayini (madzi amchere a kuchipatala), analowetsa gozi wonyowa m'kati, n'kuphimba. Anafufuza ndi chala chovala gulovesi n'kunena kuti mnofu wolimba wa pansi uli bwinobwino, vuto lili m'mafuta a pansi pa khungu basi. Sasokanso, pazipola kuchokera pansi kukwera m'mwamba.

Polemba antibayotiki, ndinatchula penisilini cholembera chisanafike papepala. Fayilo ya odwala oyendera ndi inanso, ndipo bokosi lija linali lopanda kanthu kachiwiri. Andipatsa clindamycin, ndipo akuti ndikayamba kutsegula m'mimba kwambiri ndibwere.

Ndinafunsa ngati pali chimene chinalakwika. Ati zimachitika ngakhale zonse zitatsatidwa. M'mayiko osauka ndi apakati, WHO imati odwala 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni bala lawo limalowa majeremusi, ndipo amawerengera mpaka masiku 30. Ambiri zimawapeza ali kale kunyumba.

24 Meyi mpaka 7 Juni: kutsukitsa

Poyamba tsiku lililonse, kenako modumphitsa. Zofunika ulendo uliwonse: gozi wosatsegula, selayini, magulovesi, pulasitala. Zina chipatala chinali nazo, zina ndinkagula. Pa ndalama zonse za matendawa, zambiri zapita pa mayendedwe a masabata awiri amenewa, ndipo pa bajeti yanga munalibe mzere umenewu. Muziikiratu padera.

Pulasitala wamba anandisupula khungu, panatuluka matuza m'mbali. Tasinthira wa pepala, ndipo pomata tikusinthasintha malo. Achibale abwera ndi malangizo ambiri a zopaka kuti paume msanga. Ndakana zonse, mu bala lotseguka mukulowa selayini ndi gozi basi. Zotsatira za ku labu zinabwera: Staphylococcus aureus, kachilombo kokhala pakhungu, ndipo clindamycin akukagwira. Ulusi wotsala anachotsa pa 24.

Pa 25 kunatuluka magazi akuda obwera kamodzi, ndinachita mantha. Ndinaika padi yatsopano n'kuyang'ana wotchi. Ola litatha inali isanadzaze, ndipo anapitiriza kuchepa. Pafoni anamwino anati ndi magazi akale amene anadikha m'kati, zimachitika pakatha masiku ngati 10, koma akakhala ofiira, ochuluka, kapena onunkha ndisadikire.

Pa 30 katumba wa kumanzere anayamba kuwawa. Ndinayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi ya telala pamalo ofanana, wakumanzere unali wokulirapo pang'ono. Sindinatikite, ndinapita tsiku lomwelo. Sikani inaonetsa kuti mitsempha ili yoyera, unali mnofu chabe chifukwa choyenda chopendekera. Ndalama ya sikani inandipweteka, koma magazi oundana akathothoka amakatseka m'mapapo, ndipo chiopsezocho chimakhalapo masabata angapo munthu atatuluka m'chipatala.

Chimene sanandichenjeze mokwanira ndi kutopa. Kusamba kokha ndinkafunika kugona pambuyo pake. Masiku ena ndinkangolira popanda chifukwa chooneka. Ndinawauza adokotala, analemba, anati tizionera limodzi. Pofika sabata yachinayi zinayamba kuchepa.

25 Juni: masabata 6

Pakona paja patsekeka, pangotsala chipsera chokhuthala pang'ono kuposa kwina. Khungu la pamwamba pa bala ndi ladzanzi, akuti timitsempha tinadulidwa ndipo zingatenge miyezi. M'kati ayang'ana, mwapola. Hb ili pa 12.3, koma ayironi ndipitirize miyezi ina 3 kuti thupi lisunge wokwanira.

Zotsatira za chiberekero chimene anatumiza kukapima sizinali mu fayilo. Adokotala anatsala pang'ono kunditsanzika osazitchula, ine n'kuona m'kope kuti mzere umenewo ulibe chizindikiro. Anaimba ku labu, zinapezeka kuti zinatuluka kalekale koma zinapita ku wodi m'malo mwa ku kiliniki. Anandiwerengera pafoni pomwepo: zotupa wamba, palibe khansa. Ndapempha pepala lake, akuti ndikatenge Lachisanu.

Kuntchito ndiyamba sabata ya mawa, theka la tsiku. Zolemera ndiziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo a fiziyo andilembera masewera olimbitsa minofu ya m'chiuno oti ndizichita katatu pa tsiku. Ndapemphanso kuti za penisilini azilembe pachikuto cha mafayilo onse awiri, ndipo ndaima pomwepo mpaka alembe.